Nkhuku ya Azakhali pa Sikelo ya Judo

Amayi anandilembetsa judo, masewera ogwetsana, chifukwa aphunzitsi a kusukulu kwathu ku South Bend anali atatopa kuwaimbira foni. Amayi ankati mwina ndikamagwetsedwa pansi pafupipafupi mutu wanga ukhazikika. Wotigwetsayo anali mtsikana wa ku Israeli, wophunzira payunivesite, amene kwawo ankamenyera timu ya dziko mpaka pamene anavulala bondo. Ine ndinkangowaitana kuti asisi.

Bondolo litapola, kochi wa kwawo anawauza kuti akamenye mpikisano waukulu ndipo amutumizire vidiyo, aone ngati mwendo ukugwira. Kupanda apo, malo awo m'timu apatsidwa kwa wina. Mpikisano unapezeka ku Indianapolis. Asisi analibe galimoto, ndiye Amayi anati tiwaperekeza, tikagona kwa azakhali anga ku Beech Grove.

Mu judo munthu amayamba wakwera sikelo. Ukapitirira kulemera kwa gulu lako, ngakhale pang'ono bwanji, sumenya. Mlungu wonsewo asisi ankangodya timasamba, madzi akumwa ngati mankhwala. Ine izi ndinkazidziwa bwino. Amayi ndi azakhali ayi.

Titangofika ndinalowa kukhitchini. "Anti, anthu akwawo kwa asisiwa amakana chakudya dala, ndi ulemu wawo. Mukangosiya kuwakakamiza amati ndinu omana."

"Ine womana? M'nyumba muno?" Azakhali anatsegulanso firiji.

Kenako ndinawapeza asisi panja akutsitsa chikwama. Ndinawauza m'Chingerezi, nkhope nditaiwumitsa, kuti kwathu mlendo akakana nkhuku imene amuphikira ndiye kuti akunena mwininyumba kuti ndi mfiti.

Patebulo zinayenda kuposa mmene ndinkaganizira. Asisi anati zikomo, ndakhuta. Azakhali anawaikira ntchafu. Asisi anandiyang'ana, ine nkupukusa mutu mwachisoni. Anadya. Panabwera mpunga, msuzi wamchere, kenako tiyi ndi mandasi, azakhali ataima pambali ndi chipande kudikira kuti mlendo akanenso. Asisi ankameza ngati akumeza miyala, uku akumwetulira. Ine pansi pa tebulo ndinkadzitsina ntchafu kuti ndisaphulike. Komanso mumtima ndinkati, munthu wonyamula azibambo akuluakulu angalemere ndi kankhuku?

M'mawa tinapita m'tauni, ku holo ya mpikisano. Akazi ankayezedwa m'chipinda chawochawo, ife tinadikira pakhomo. Asisi atatuluka sanayang'ane aliyense. Anali atapitirira. Mayi woyeza anawauza kuti atha kukweranso sikelo isanatsekedwe, koma nthawi inali itatsala pang'ono.

Amayi atamvetsa nkhaniyo anafunsa kuti, "Nanga mwanawe, unadyeranji?"

"Sindinafune kuwanena anti kuti ndi mfiti."

"Mfiti? Ndani wanena za ufiti?" anatero azakhali. "Si uyu anati kwanu kukana ndi ulemu?"

Onse atatu anatembenukira kwa ine. Amayi sanakalipe, ndipo Amayi akapanda kukalipa ndiye kuti zafika poipa. Anangoti, "Iwe. Tikaonana kunyumba."

Azakhali anatulutsa mapulasitiki a zinyalala m'buti. Asisi anawaboola nkuwavala kuti atuluke thukuta, kulemera kutsike, pamwamba nkuphatikiza majekete a tonse, Amayi nkuwamanga chitenje m'chiuno kuti mphepo isalowe. Anayamba kukwera ndi kutsika masitepe a nyumba yoimikamo magalimoto, ine m'mbuyo ndi kapu yoti azilavuliramo. Apa mpamene kuseka kunandithera, chifukwa potsika ndinaona akuukoka mwendo wovulala uja. Sanaime. Thukuta linkadontha m'manja mwa jekete. Atatha mpweya tinawalowetsa m'galimoto, mawindo otseka, hita mpaka kumapeto. Azakhali anakhala nawo momwemo akuimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi, nawonso atanyowa.

Tinathamangira ku sikelo anthu atatha pamzere. Asisi analowa, nkutulukanso. Anali atapitirirabe ndi kachidutswa. Mayi woyeza uja anaima pakhomo akuyang'ana wotchi.

Asisi anagwira tsitsi lawo. Linali lalitali, lopotana, lomangidwa chingwe chimodzi chonenepa chofika m'chiuno, ndipo linali litamwa thukuta lonse lija.

"Mama, muli ndi sizasi?"

Amayi ndi namwino, sizasi yodulira bandeji sichoka m'chikwama mwawo. Koma anaigwira nkuima. "Mwanawe, mayi ako ndikawauza chiyani?"

"Dulani, Mama. Chonde."

Sizasiyo inali yaing'ono, inkangotafuna. Amayi ankadula, azakhali atagwira kunsonga, mayi woyeza akugogoda chitseko ndi cholembera. Tsitsi litaduka asisi analowa osalicheukira. Chitseko chinatsekedwa. M'katimo munali zii. Amayi anali atandigwira khutu limodzi, sindikudziwa kuti analigwira liti.

Asisi anatuluka, nkukweza chala chachikulu. Azakhali analiza nthungululu mpaka alonda anacheuka.

Asanamenye ankafuna munthu wotenthetsera thupi. Anandikodola. "Bwera kuno, katswiri wa miyambo." Anandigwetsa, ndadzuka, andigwetsanso, mpaka magetsi a kudenga anayamba kuzungulira. Atawaitana kukamenya anandiponyera foni yawo. "Jambula. Ukagwedeza dzanja ndikuthyola."

Mdani wawo woyamba anali wamtali, ndipo anangoyambira kumwendo womwewo, kuukola, kuukankha. Asisi anagwada kamodzi, Amayi nkubisa nkhope m'chitenje. Anadzuka. Kenako anangotembenuka, kulemera konse ataika pabondo lovulala lija, mnzawoyo nkuuluka, phi chagada. Bondo linagwira. Vidiyo inapita kwa kochi tisanatuluke m'holomo, ndipo sabata isanathe anawayankha kuti akatseka sukulu apite kukampu ya timu.

Kunyumba tinaonanadi. Foni yanga inakhala m'kabati ya Amayi mpaka chipale chofewa chitasungunuka. Amafuna kuti ndinene kuti ndinalakwa, koma ine ndimati munthu amene wakwera masitepe onse aja sakanaopanso bondo lake pomenya, ndiye ndinamuthandiza. Ndikatero Amayi amavula silipasi, ine nkuthawira kuchipinda.