Makope Opanda Ndalama

Anthu a pa Ntcheu Boma amanena kuti makope a mkulu wina wa pamenepo adzaza ndi zinsinsi za olemera. Makopewo alipo makumi atatu ndi anayi, limodzi pa chaka chilichonse chimene akhala akulangiza anthu kasungidwe ka chuma, ndipo amene anawatsegulapo amachitira umboni kuti simunalembedwemo ndalama ngakhale imodzi.

Munthu akabwera, mkuluyu amatsinzina ngati akuodzera, n'kufunsa kuti, "Mukadzakalamba, mukufuna muzidzaona chiyani mukatsegula chitseko m'mawa?" Yankholo ndi limene amalemba. Za mabanki ndi masheya zimabwera pambuyo.

Tsiku lina kunafika Mayi Lufina a ku Tsangano, ogulitsa mbatata ya kachewere. Ankafuna kugulitsa munda wawo kuti agule lole.

"Musandichedwetse, achimwene. Wogula akudikira panjapo."

Mkuluyu anatsitsa kope la 2003 n'kuwerenga pang'onopang'ono: "Nkhungu ikutsika m'phiri, mapichesi achita maluwa m'munda mwanga, adzukulu akuthamanga m'mizere."

"Ndani wolota ameneyo?"

"Ndinu, mayi. Munali ndi mwana kumbuyo. Ngati loto lasintha, tilembe lina, lole mugule. Cholembera ndi ichi."

Mayi Lufina anayang'ana pawindo nthawi yaitali, ngati nkhungu ija yafika pa Boma.

Linali tsiku la 14 Ogasiti 2023. Wogula uja anabwerera chimanjamanja. Mpaka lero mbatata ya mayiwa imapita kumsika pa lole ya hayala, ndipo m'munda muja abzalamo mapichesi ena makumi awiri.