Bokosi la a Wilkins

A Wilkins anali kalipentala, ndipo pamenepo tisawanamizire, thabwa ankalidziwa. Akalipala n'kulipukuta, munthu unkadziona nkhope. Koma nyumba yawo ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, inkatsekedwa ndi chitseko cha bango chomanga ndi luzi, chimene mbuzi iliyonse yofuna kulowa inkangochikankha ndi mutu. Akazi awo, a Magdalene, anapempha chitseko cha matabwa chaka chimene analowa m'banja, ndipo anapemphabe zaka pafupifupi makumi awiri. Yankho linali limodzimodzi: "Dikirani, mayi, ndili ndi ntchito yaikulu." Ntchito yaikuluyo inali m'chipinda chogona, yokhazikidwa pa njerwa zinayi.

Tiyambire poyambira. A Wilkins anafika ku Blantyre akadali wachinyamata, atasenza katundu wa azungu kuchokera kumtsinje wa Shire. Tauniyo nthawi imeneyo inali masitolo owerengeka, boma, mishoni ndi fumbi. Amishoni anawaona kuti ali ndi manja, n'kuwalowetsa m'shedi yopalira matabwa. Dzina lakwawo analitaya, ndipo ukawakumbutsa ankakuyang'ana ngati wawatukwanira amayi awo. Chinthu choyamba chimene anadzigulira chinali chipewa.

Chipewacho ndiye chinawasautsa. Masiku amenewo munthu wakuda akakumana ndi mzungu pamsewu ankayenera kupatuka, kuvula chipewa, n'kuima mpaka bwanayo atadutsa. Kuchokera ku Chilobwe kukafika kumishoni, podutsa m'tauni, a Wilkins ankavula kakhumi. Chipewa chinkakhala nthawi yaitali m'manja kusiyana ndi pamutu, ndipo mtima unkawawawa tsiku lililonse.

Tsiku lina kunamwalira mzungu wachinyamata wa kumunda wa khofi, atadwala malungo. Bokosi lake analikhoma m'shedi momwemo, la mbawa, lokhala ndi zogwirira za mkuwa, ndipo a Wilkins ndiwo anapala chivundikiro. Belu litayamba kulira, anaima pampanda kuonerera. Bokosi lija likudutsa, azungu onse anavula zipewa. Onse, ngakhale bwana wamkulu wa boma, amene anapezeka kuti ali ndi dazi lofiira, likung'anima padzuwa. A Wilkins anayasama. Kodi mitu imeneyi imavulikanso? Anayang'ana azungu, anayang'ana bokosi, ndipo nzeru zawo zonse zinathera pomwepo. Anatsimikiza mumtima kuti chimene chimavula mzungu chipewa ndi mbawa wopalidwa bwino.

Sabata yomweyo kunali kalasi ya ubatizo. Ankaphunzitsa a Stafford, munthu wofatsa wa ku Ndirande, amene sankafulumira kuseka kapena kukalipa. Tsiku limenelo anatseka buku n'kunena kuti, "Abale, mukabatizidwa moyo wanu ukhala wa Mulungu. Ndiye aliyense asankhe chinthu chimodzi chimene azidzukira m'mawa. Moyowu mukufuna muugwiritse ntchito yanji?"

Wina anati adzaphunzitsa ana. Wina anati azidzasenzera adokotala mankhwala popita kumidzi. Mtsikana wina wamfupi, wokhala kumapeto kwa benchi, anayankha akuyang'ana pansi. "Ine kuwerenga kumandivuta. Ndizingotungira madzi anthu odwala."

Anthu anaseka, ndipo amene anaseka kwambiri anali a Wilkins. Kenaka anaimirira, nakonza kolala. "Ine, aphunzitsi, ndikufuna kudzaikidwa ngati Mkhristu weniweni. M'bokosi la mbawa, belu likulira, anthu onse atavula zipewa."

"Achimwene," anatero a Stafford, "ine ndafunsa za moyo, inu mukundiuza za maliro."

"Eya, aphunzitsi. Moyo umakathera komweko."

A Stafford anawayang'ana kanthawi n'kupitirira kwa wotsatira. Mtsikana wamfupi uja ndiye anali Magdalene, ndipo patapita chaka a Wilkins anamukwatira. Chimene iye anaona mwa iwo, sindichidziwa.

Tsopano ntchito yaikulu inayamba. A Wilkins anapita okha kumapiri a ku Thyolo, nacheka mbawa ndi sowo, nasenza matabwa pamutu limodzilimodzi mpaka ku Chilobwe. Anawaumitsa pamthunzi zaka ziwiri. Zogwirira za mkuwa anazichotsa pa sanduku yakale yosungiramo zovala imene mzungu wina anataya. Anadziyeza ndi chingwe, m'litali ndi m'mapewa, ndipo anakhoma bokosi limene, kunena zoona, Blantyre yense anali asanaone. Malo olumikizira matabwa sankaoneka, ngakhale utafufuza ndi chikhadabo. Analiika kuchipinda, pa njerwa, nawaza phulusa kuzungulira kuopa chiswe. Iwo ndi akazi awo anasamukira pabalaza, pafupi ndi chitseko cha bango chija, pomwe mphepo ya Chiperoni inkalowa mosapempha.

Loweruka lililonse bokosilo ankalipaka phula la njuchi. Lamulungu akaweruka kutchalitchi ankavala jekete loyera, kulowa m'bokosimo, kupinda manja pachifuwa n'kuitana. "Mayi! Tabwerani mudzaone. Mapewa akukwana?"

"Akukwana, bambo. Tulukani, mbatata zizizira."

"Nanga nkhope? Ikuoneka ya Mkhristu?"

"Ikuoneka ya munthu amene sanakonze chitseko."

Atayamba kukula, mimba inayamba kutuluka, ndipo chivundikiro chinayamba kukhudza. Munthu wanzeru akanakulitsa bokosi. A Wilkins anachepetsa munthu. Anasiya mtedza, anasiya thobwa, ankadzuka pachakudya asanakhute, ndipo anthu akutchalitchi ankawayamikira kuti ndi odziletsa. Kutchalitchiko sankajomba, ndipo ankakhala pamalo pomwe amishoni angawaone bwino, kuti tsiku lija likadzafika asadzafunse kuti wamwalirayo ndani. Koma anthu a ku Chilobwe atamanga kanyumba kopemphereramo n'kuwapempha mabenchi awiri, anakana. Anati thabwa labwino si loti azilitha anthu ndi matako.

A Magdalene sanakhale ndi mwana, ndipo za zimenezo sankalankhula. Iwo anangochita zomwe ananena pa benchi paja. Pakhomo pakakhala wodwala, m'mawa pankapezeka mtsuko wodzaza, kaya ndi pa Mkhristu, pa Msilamu kapena pa munthu wosapemphera. Mnzawo wapamtima anali a Aminatu, mayi wa Chiyao wa Chisilamu amene amuna awo ankagulitsa nsalu ku Limbe. Awiriwa ankatunga pamtsinje umodzi, ankaitanana kuti achemwali, ndipo a Aminatu ankawatchula a Wilkins kuti alamu, ngakhale a Wilkins sankakondwera nazo.

Chaka chimene nkhondo ya Ajeremani inatha, asilikali ndi amtengatenga obwerera kwawo anabwera ndi chimfine chija chogwetsa munthu m'masiku atatu. Anthu anafa ku Limbe, anafa ku Ndirande, anafa ku Chilobwe. Matabwa anatha m'mashedi onse. Belu analeka kuliza, chifukwa likanalira osapuma. A Wilkins anadzitsekera kuchipinda pambali pa bokosi lawo, ali ndi mantha aakulu. Sankaopa imfa ayi, ankaopa kufa pa nthawi yolakwika, yopanda belu ndi yopanda owonerera. A Magdalene ankangotuluka ndi mtsuko, nyumba iyi, nyumba iyo, mpaka m'mawa wina analephera kuusenza. Anagona Lolemba, ndipo Lachinayi dzuwa litangotuluka anatsirizika, mutu uli pamiyendo ya a Aminatu.

A Stafford anafika masana asanakwane. Anali atachita imvi tsopano, ali mkulu wa mpingo, ndipo sabata imeneyo anali ataika kale anthu ambiri. Anakhala pansi, napepesa, kenaka analankhula motsitsa mawu.

"Achimwene, matabwa kulibe kulikonse. Koma m'nyumba muno muli bokosi."

A Wilkins anakhala ngati sanamve.

"Mayiwa atumikira mudzi wonse. Tiyeni tiwaike mwaulemu."

"Ndi afupi," anatero a Wilkins. "Azikagwedera m'katimo."

A Aminatu, amene anali pakhomo, anasuzumira. "Alamu, kumapaziko tiikako nsalu. Sagwedera."

"Ndinaliyeza pa thupi langa."

"Mudzakhoma lina," anatero a Stafford. "Mulungu wakusiyirani moyo ndi manja."

"Mbawa ngati ameneyu ndidzamupeza kuti? Ndi msana wanga uno? Ndi maso angawa? Inu mukudziwa kuti ichi ndinachisankha pamaso panu, pa kalasi paja. Munthu asasiye chimene analonjeza."

Atatero analowa kuchipinda n'kukhala pa chivundikiro. Munthu wamkulu, Mkhristu kwa zaka makumi awiri, akazi ake ali gone pamphasa kuseri kwa khoma, iye atakhalira bokosi ngati nkhuku pa mazira! Ndikamafika pamenepa mtima umandinyansa, ndipo sindiwapezera chowakhululukira.

A Aminatu ananyamuka. Anapita kwawo n'kubwera ndi sanda yawo, nsalu yoyera imene Asilamu amakulungira maliro, yomwe anaisunga zaka zambiri kudikira tsiku lawo. Amayi anasambitsa thupi, analikulunga mu nsaluyo, nakutira mphasa pamwamba. Chithatha chonyamulira chinali kumaliro ena, ndipo amphamvu okadula mitengo ambiri anali chigonere. Mmodzi wa adzukulu anayang'ana uku ndi uku, nadula luzi, nazula chitseko cha bango chija. Anachimangirira pa nsungwi ziwiri. A Magdalene anatuluka m'nyumba yawo atagona pa chitseko chomwe anakhala akuchidandaula moyo wawo wonse wa m'banja.

Apo ndiye a Wilkins anatsika pa bokosi, navala jekete loyera ndi chipewa, n'kutsatira pambuyo. Anthu anali ochepa, nyimbo inkangomveka mwa apo ndi apo. Popita kumanda ankayenera kuwoloka msewu waukulu wa ngolo, ndipo atangofika pamenepo kunatulukira mzungu pa njinga, wosadziwika, fumbi lili mbuu m'miyendo. A Wilkins, mwachizolowezi, analumphira pambali chipewa chili kale m'manja.

Mzungu uja anatsika pa njinga. Anavula chipewa, nachigwira pachifuwa, naima chilili mpaka mtembo ndi anthu onse atawoloka. Musamuyamikire kwambiri, chifukwa akanakumana ndi a Magdalene ali moyo, mtsuko uli pamutu, akanawalizira belu la njinga kuti achoke panjira. Koma tsiku limenelo anavula, pamaso pa mphasa yakale ndi chitseko cha bango.

A Wilkins anathamangira a Stafford n'kuwagwira mkono. "Aphunzitsi, wavulira chiyani? Palibe bokosi."

"Wavulira akazi anu, achimwene. Tiyeni, anthu akutisiya."

Kumanda a Wilkins sanalire. Anangoima, akutembenuza chipewa m'manja. Pobwerera anapeza nyumba ili pululu, pakhomo pali chibowo, mbuzi ziwiri zili kuchipinda, ina itakwera pa chivundikiro. Sanazithamangitse. Anakhala pansi pomwe pankagona akazi awo, nayang'ana mtsuko umene unali pakona, wouma.

M'mawa mwake anthu anamva nyundo. Masiku atatu a Wilkins anamasula bokosi lija thabwa limodzilimodzi, mosamala, poti ngakhale pa chisoni anali kalipentala. Anacheka, anapala, analumikiza, ndipo tsiku lachinayi anapachika chitseko cha mbawa chokhala ndi chogwirira cha mkuwa, chokongola kuposa cha nyumba ya bwana aliyense mu Blantyre. Anachitsegula, anachitseka, ndipo sichinalire ngakhale pang'ono. Anatembenukira m'nyumba. "Mayi, tabwerani mudza..." Mawu anathera pomwepo. A Aminatu, amene ankadutsa ndi nkhuni, anaima n'kuchiyang'ana chitsekocho kuyambira pamwamba mpaka pansi.

"N'chabwino, alamu," anatero. "Mphepo sizilowanso." Ndipo anapitirira.

A Wilkins anakhala zaka zina khumi ndi ziwiri kuseri kwa chitseko chimenecho, okhaokha. Mabenchi a kanyumba kopemphereramo anawakhoma, ngakhale panalibe amene anawapemphanso. Ena amati ankaoneka m'mawa akupita kumtsinje ndi mtsuko, akuunyamula mopanda luso, madzi akutayikira pa jekete. Bokosi lina sanakhome.

Atamwalira, amishoni amene ankawadziwa anali atabwerera kwawo kalekale, ndipo belu la kumishoni silimveka ku Chilobwe. Anawakulunga mu mphasa, adzukulu nazula chitseko cha mbawa chija n'kuwagonekapo. Chinali cholemera, moti anachinyamula anthu asanu ndi mmodzi. Atafika pa msewu waukulu, onyamulawo, amene nkhani yonse ankaidziwa kuyambira ali ana, anaima popanda wowauza. Anayang'ana cha ku Blantyre, anayang'ana cha ku Limbe, nadikira kanthawi ndithu. Sikunabwere munthu, ndipo dzuwa linkawawa, choncho anawoloka.