Amalume Kuseri kwa Nkhadze

Pachipata cha mishoni panali chikho chong'aluka kukamwa, chomangidwa pamtengo ndi luzi. Chinali cha akunja. Ife tinkamwera makapu achitini, ndipo mwana akangogwira chikhocho ankamusambitsa m'manja ndi phulusa.

Ndinakulira m'kati mwa mpanda wa nkhadze umenewo, kumene atate ankaphunzira uphunzitsi. Amuna a pasukulupo anali anthu a mabuku. Ankadzuka ndi belu, kugona ndi belu, ndipo ntchito imene ankaikonda koposa inali yopatsa anthu anzawo maina. Ife obatizidwa tinali a m'kati. Ophunzira katekisma anali a pakhomo: ankaloledwa kugona m'kati, koma osapisa nafe m'mbale imodzi. Anthu a gule ndi a nsembe za mizimu anali akunja, ndipo dzuwa likapendeka ankayenera kukhala atatuluka. Aroma ndi Asilamu anali osokera. Amenewa ngakhale chikho sankapatsidwa, poti akuti wosokera ndi woopsa kuposa wosadziwa. Ine zonsezi ndinaziloweza mokondwa ngati nyimbo.

Mvula yoyamba ya chaka chimene nkhondo ya Ajeremani inatha, amalume anatulukira. Anali atagwidwa kukasenza katundu wa asilikali. Anafika atatsamira ndodo, phazi litatupa, bala likununkha ngati chikopa chonyowa. Amayi anawazindikira ndi mawu okha. Anayala mphasa m'nyumba, n'kutereka madzi.

Madziwo asanawire, aphunzitsi aakulu anali ataima pakhomo ndi funso lawo la masiku onse: "Mlendoyu ali mbali iti?" Amalume anayankha zoona, ndipo vuto linayambira pomwepo. Analowa gule ali mnyamata. Kunkhondo atadwala kamwazi, wansembe wa Aroma anawathira madzi pamutu iwo ali chikomokere. Nkhumba analeka kudya chifukwa Myao amene anawabereka powoloka mtsinje sankaidya. Nyimbo zathu ankazidziwanso, poti amayi anawaphunzitsa kale.

Maso a aphunzitsi aakulu anawala. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umanditentha: aphunzitsiwo anasangalala. Anati nkhaniyi njofunika kuisanthula bwino, ndipo podikira, mlendo akhale kunja kwa mpanda.

Amayi anamanga msasa wa udzu kuseri kwa nkhadze. Mvula inkagwa osaleka, ndipo m'kalasi amuna ankatsutsana osalekanso. Ena ankati madzi a Aroma sagwira munthu wokomoka, choncho ameneyu ndi wakunja. Ena ankati madzi ndi madzi, ndi wosokera basi. Wina anafunsa ngati kuleka nkhumba n'chipembedzo kapena ndi nkhani ya m'mimba chabe, ndipo funso lokhalo linawadyera masiku mpaka chimanga chinafika m'mawondo. Amuna aakuluakulu, ndevu pachibwano, kunyowetsa chala ndi malovu n'kumatembenuza mapepala, mwini nkhani akulumidwa ndi udzudzu pafupi pomwepo! Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatuluka kukaona phazilo.

Atate anali m'kalasi momwemo. Ankadziwa kuti akalowetsa mlamu wawo m'nyumba achotsedwa sukulu, ndipo tonse tibwerera kumudzi chimanjamanja. Amayi akawafunsa ankangoti, "Nkhani ili m'manja mwa akulu." Amayi ankayankha kuti, "Nanga phazi nalonso lili m'manja mwa akulu?" Atate ankatenga buku n'kutuluka.

Ine ndinkapita ndi amayi kumsasa, nditasenza phala ndi madzi amchere. Ndimakumbukira utsi wa nkhuni zonyowa, ntchentche, amayi akufinya bala ndi kansanza, amalume ataluma kamtengo kuti asakuwe. Tsiku lina, pofuna kuthandiza aphunzitsi, ndinafunsa amalume kuti, "Koma inu ndinu ndani kwenikweni?" Anaseka mpaka kutsokomola. "Ndine mlongo wawo wa amako. Kapena zimenezonso akuzifufuza m'buku?" Kenaka anandiuza kuti kumidzi anthu amatitcha mbuzi za belu, poti chitsulo chikalira timathamangira m'khola. Ndinakwiya koopsa. Sindinkadziwa kuti nafenso tingapatsidwe dzina.

Phazi linapola, koma zala zina zinathothoka. Chimanga chitayamba kumasula, amalume anadula ndodo yatsopano n'kunyamuka ulendo wa kwawo, kumapiri a ku Vubwi. Anandisisita kumutu, anagwira amayi dzanja nthawi yaitali. Atate sanabwere kudzatsazikana nawo.

Chigamulo chinatuluka msasa utagwa kale. Tsiku la Mulungu aphunzitsi aakulu analengeza m'tchalitchi kuti munthu wotere ndi wa pakhomo, ndipo akhoza kugona m'kati. Atauzidwa kuti mlendoyo adapita, anati palibe kanthu, chachikulu n'chakuti wina wonga iye akadzabwera, dzina lake lilipo kale. Amuna anagwedeza mitu mokhutira. Atate nawonso anagwedeza.

Kenaka tinaimirira kuti tiimbe. Ndinali pambali pa amayi, amene mawu awo poimba ankamveka mpaka kuchitsime. Tsikulo milomo yawo inkayenda, koma mawu osatuluka. Mlungu wotsatira chimodzimodzi, mpaka tinakolola. Ine ndinkawakoka nsalu n'kumawanong'oneza mawu a nyimbo, mzere ndi mzere, poganiza kuti aiwala.