Fulashi Yanga Yosapalika

Tinali awiri m'kanyumba ka ku Woolwich, dera lina la mzinda waukulu wa kunja kuno, ine ndi mnzanga amene tinakwera naye ndege imodzi kuchokera ku Lilongwe. Tonse tinali anamwino kwathu, koma kuno tinkasambitsa okalamba podikira mayeso oti atilole kugwira ntchito m'chipatala. Ngakhale malaputopu tinagula tsiku limodzi pamsika, ogwirapo kale, ndipo onse awiri anafa mwezi umodzi.

Bambo wina wa kutchalitchi kwathu, wa ku Chipata, wodziwa zamakompyuta, anawatsegula n'kupukusa mutu. Anati chafa ndi chosungira cham'kati chokha. Anatenga mafulashi awiri ofanana, abuluu, n'kuikamo sisitemu yonse yoyendetsera kompyuta pamodzi ndi mabuku athu a mayeso. Ukasomeka m'mbali, laputopu inkadzuka n'kumayendera kafulashiko.

Ine ndinakulira m'nyumba momwe bambo ankachotsa mabatire m'wailesi nkhani zikangotha, n'kukawayanika padzuwa. Nsapato za kutchalitchi tinkazinyamula m'manja mpaka pakhomo. Ndiye palibe amene akanandiuza kuti kanthu kochepa ngati chala kangasenze kompyuta yathunthu tsiku ndi tsiku osatha. Ndinadziikira lamulo: theka la ola patsiku, kenako kuzula, kukulunga m'mpango, kuika m'thumba la Baibulo.

Mnzangayo analibe chisoni ndi chinthu. Akabwera ku shifiti ankasomeka fulashi yake asanavule n'komwe nsapato. Ankawerenga akudya, ankawerenga akuluka tsitsi, tsiku lopuma laputopu inkakhala yoyaka kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Ndikamamva akuyankha yekha mafunso kuchipinda, kenako n'kuseka atakhoza, mumtima munkatentha. Ndinali ndi nsanje, ndisaname. Chinkandiwawa si nzeru zake, poti kusukulu ine ndinkamuposa. Chinkandiwawa n'chakuti iye ankadya ndi manja awiri pamene ine ndikunyambita.

"Iwe, uipha fulashiyo," ndinamuuza tsiku lina.

"Ikafa ife, bola exam ndadutsa," anatero osatembenuka.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kudikira maliro a fulashi yake. Ndinakonzeratu ngakhale nkhope yoti ndidzamupepesere nayo, ndi mawu oti ndidzanene pomubwereka yanga. M'mawa uliwonse ndinkatchera khutu kuti ndimve akudandaula, koma kankangothwanima kanyali kake ngati palibe chilichonse.

Mayeso tinalemba sabata imodzi. Iye anakhoza. Ine ndinalephera, ndipo mafunso amene anandigwetsa anali a m'mitu yomwe sindinaitsegulepo. Ndinamukumbatira, ndinamuyamikira bwinobwino, kenako ndinakwera basi yopita ku Greenwich popanda chokachitako, kuti ndikakwiyire pamene sakundiona.

Lamulungu nditaweruka m'tchalitchi ndinawatsata bambo aja, fulashi ili m'manja, ndi funso limene ndikanafunsa kalekale. Ndinati kodi ya mnzanga ija yatsala ndi masiku angati, mmene amaiwerengera muja?

Anandiyang'ana, n'kuseka mpaka kugwira khoma.

"Mayi, kubelenga sikuononga flash iyayi. Chamene chimailemesa ni ku writing'a, kusunga vinthu na kufuta, kusunga na kufuta. Nichifukwa chake n'naikonza kuti isazilemba-lemba. Kubelenga chabe mungabelenge mpaka maso yabaŵe. Nanga imwe munali kuchita bwanji?"

Ndinawauza za theka la ola, za mpango, za thumba la Baibulo. Anasiya kuseka. Ndikanakonda akanapitiriza, chifukwa chisoni chawo chinandipweteka kuposa chiseko. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinalidya miyezi yonseyo ndikudzitama kuti ndine wosamala.

Mnzanga anayamba ntchito pachipatala china cha kumpoto kwa mzinda ndipo anasamukira kufupi nako. Tsiku losamuka anandisiyira fulashi yake patebulo, akuti muli zolemba zake, mwina zingandithandize ulendo wachiwiri. Ndinathokoza pakamwa, mtima ukukana.

Atatseka chitseko ndinaziika ziwirizo pamodzi. Yake inali yopalikapalika, utoto wabuluu utatha pogwirira, chivindikiro chinatayika kale. Ndinaisomeka ndikupempherabe mobisa kuti ikane. Inayaka nthawi yomweyo. Yanga inali pambali pake, yonyezimira ngati yangotuluka m'sitolo, ndipo yunifolomu imene inkandidikira pampando inali yomwe ija yosambitsira okalamba.