Ngolo Yachisanu ya Mayi Hilja Rantakoski

Mpingo wathu wa ku Luomanperä waika m'manda Mayi Hilja Rantakoski, ndipo mwambo wake unali wokongola mochititsa manyazi. Maluwa anachita kusowa poika.

Mayi Hilja anabadwira m'banja la alimi a barele, mbewu yonga tirigu, ndipo anali woyamba mwa ana awiri. Ali wamng'ono, bambo awo anawaphunzitsa kupemphera asanagwire ntchito, ndiponso kuluma njere kuti adziwe ngati yauma. Kuno mvula imatipeza tikukolola, ndipo barele wonyowa akangogona pa mulu masiku awiri amayamba kutentha yekha mpaka kuwola. Atakwatiwa ndi a Eino, awiriwo anamanga chigafa n'kuikamo makina oumitsira mbewu oyendera mafuta, oyamba m'mudzi muno. A Eino atamwalira, mayiwa anapukuta misozi n'kupitiriza ntchitoyo okha.

Kwa zaka makumi atatu, ngolo za anansi zinkandandalika pakhomo pawo. Lamulo lawo linali limodzi: barele wa mwini makina amalowa pomaliza. "Mwini nyumba sayamba kudya alendo akuyang'ana," ankatero. Koma tisawanamizire kuti anali ofatsa. Anali ndi mtima wapachala, ankadzidziwa, ndipo ankalimbana nawo pamaso pa Mulungu tsiku ndi tsiku.

Ali ndi zaka 71 kunabwera chaka cha mvula yosakata, mtengo wa mafuta nawo utakwera mopenga. Sabata yoyamba yokolola kunatulukira bwana wa boma woyendera mathanki a mafuta, atavala nsapato zosadziwa matope. Anagogoda thanki yawo n'kunena kuti ndi ya khoma limodzi komanso ili pafupi ndi chitsime. Mwa lamulo latsopano, galimoto ya mafuta siyenera kuthiramo ngakhale dontho mpaka ataika ya makoma awiri.

"Nanga yatsopanoyo ingafike liti, bwana?" anafunsa Mayi Hilja.

"Mwina Novembala, mayi."

"Novembala? Pitani mukamuuze bareleyo kuti adikire Novembala! Kodi inu munamuonapo ali m'munda, kapena mumangomumwa m'botolo la mowa?"

Bwanayo anamata chidindo pa chivindikiro n'kumapita. Mafuta otsala anali okwanira ngolo zinayi. Panja panali ngolo zinayi za anansi, ndi yachisanu yawo, yomwe inali mbewu yodzafesa chaka chotsatira.

Mlongo wawo wamng'ono, a Urpo, anawakokera pambali. "Achemwali, musapuse apa. Lowetsani wanu kaye. Apo ayi ndibweretse mafuta m'migolo tithire chakumbuyoku. Adziwa ndani?"

"Adziwa amene ndimalankhula naye m'mawa uliwonse. Lamuloli likundipsetsa mtima kuposa iwe, Urpo, koma sindiyamba zachinyengo nditakalamba."

"Ndiye mudzafesa mapemphero?"

"Kokera ngolo ya kwa Peltoniemi, usandichedwetse."

Ngolo zinayi zinauma bwinobwino, eni ake n'kuthokoza n'kumapita. Barele wawo mayiwa anamuyala pansi m'chigafa, ndipo masiku asanu ankamutembenuza ndi fosholo mpaka manja kuchita matuza. Tsiku lachisanu ndi chimodzi anapisamo dzanja n'kumva kutentha ngati thupi la mwana wodwala malungo. Anakhala pa chigubu n'kulira mokwiya. Fungo la barele wowola linafika mpaka kumsewu, ndipo anansi ankadutsa atatseka mawindo a galimoto.

Apa ndiye pamene pakuwawa. Bwana uja tingamunyoze mmene tingathere, koma iye anali ndi pepala lake. Nanga mabanja anayi aja, ndi pepala liti linawaletsa kunyamula thumba limodzi la mbewu n'kukatula pakhomo pa mayi wamasiye? Aliyense ankati mnzake ndiye apereka. Nyengo yofesa inafika n'kudutsa, munda wa a Rantakoski uli udzu wokhawokha. Chaka chimenecho onse anayamba kukaumitsa kwa makina aakulu a m'tauni, ndipo mayiwa sanalimenso.

Koma kutchalitchi sanajombe. Ankakhala pa benchi yawo yachitatu, ankagwirana chanza ndi anthu omwewo, nsagwada zitalimba. Mapemphero akatha ankawathirira khofi n'kuwadulira buledi, osataya ngakhale liwu limodzi lonyoza. A Urpo okha ndi amene ankadziwa kuti akafika kunyumba ankayamba awaza nkhuni kaye asanathe kulankhula.

Atafooka ndi ukalamba, abusa anapita kukawapatsa Mgonero. Anawafunsa mwaulemu ngati anawakhululukira anansi awo.

"M'mawa uliwonse, abusa, zaka khumi ndi zitatu. Ndikadzuka ndimapeza mkwiyo wameranso, ndiye ndimazulanso. Lero ndazula kale. Ndingathe kupita."

Anamwalira masana omwewo, mwakachetechete, ali pa mpando wawo wa pawindo. Anali ndi zaka 84. Chitsanzo atisiyira, koma tisathamangire kuchitamanda ngati kuti tinalibemo mbali. Mayiyu anapita kwa Ambuye atatikhululukira, ndipo palibe mmodzi wa ife amene anakapepesa.