Chigubu cha kuseri kwa chitseko

Linali Lachitatu, mu Okutobala, ndipo ndinali kutsuka makapu pakhonde la nyumba yathu ku Unit D, m'dziko la Ashona, kutali ndi kwathu ku Malawi. Mawa lake amayi a kutchalitchi ankabwera kudzapemphera kwathu. Amayi anga anali atawaphikira thobwa kuyambira Lamlungu, n'kulithira m'chigubu, n'kumanga chotsekera mwamphamvu kuopa nyerere. Magetsi anali atazima masiku onsewo, ndiye filiji inangosanduka kabati. Chigubucho chinali kuseri kwa chitseko, m'chipinda chotentha ngati uvuni.

M'mawa wa tsikulo aphunzitsi a sayansi anatiphunzitsa za maselo. Anati selo lililonse lamoyo limaphwanya shuga kuti lipeze mphamvu. Likakhala ndi okosijeni limamuphwanya yense, n'kutulutsa madzi ndi mpweya woipa uja timapumira kunja. Kenako anatisonyeza botolo la madzi a shuga ndi yisiti, kukamwa kwake atavekako baluni.

"Yisiti mukamutsekera safa msanga," anatero. "Amadyabe shuga, koma amapeza mphamvu yochepa, ndipo amatulutsa mpweya ndi mowa. Musakauze amalume anu kuti ndakuphunzitsani kufulula!"

Anzanga anaseka. Ine ndinkangoyang'ana baluni ija ikufufuma.

Nditalowa m'chipinda kukatenga nsalu yopukutira makapu, ndinamva kaphokoso, sii, ngati tayala lobooka. Chigubu chinali chitatupa m'mbali. Ndinamasula chotsekera pang'ono, fungo n'kundimenya kumaso. Fungolo ndinkalidziwa. Ndi lomwe linkalowa ndi bambo anga akamachokera ku mabala a ku Chikwanha, asanatisiye.

M'nyumba mwathu mawu oti mowa sankatchulidwa. Bambo atachoka, anthu a mumsewu mwathu ankatilozerana ndi milomo, ndipo amayi anavutika kuti akhalenso munthu pakati pa amayi anzawo. Chinawathandiza ndi thobwa. Amayi achishona ankati maheu a m'shopu safika pa thobwa la ku Malawi. Tsopano amayi abusa akanalawa kapu imodzi, nkhani ikanafika ku Town Centre dzuwa lisanalowe: mkazi wa chidakwa uja wayamba kufulula.

Amayi anga sakanadziwa okha. Anali ndi chimfine, mphuno zitatsekeka.

Anandipeza nditagwada pa chigubupo.

"Iwe, ukuba thobwa la alendo?"

"Ayi, amayi."

"Manga bwino chotsekeracho. Manja ako ngofewa ngati a mwana wa bwana." Anawerama n'kumanga okha, mwamphamvu kuposa poyamba. "Nanga nkhope yagweranji? Akukalipira kusukulu?"

"Hapana, mhamha," ndinayankha m'Chishona, kuti palibe kanthu. Ndikafuna kuthawa nkhani ndimathawira ku Chishona, ndipo amayi amadziwa. Anayetsemula n'kupita kukasesa.

Ndinatsala m'chipindamo. Ndinaganiza zogubuduza chigubucho ngati mwangozi, koma ndinali nditaona amayi akutakasa mphika thukuta lili kamukamu, ndipo sindikanatha kuwanamiza. Ndinaganiza zongokhala chete kusukulu mpaka alendo atapita. Apo ndiye amayi akanakhala okha pakati pa anthu, kapu ili m'manja. Kunena nakonso kunkandiopsa. Mwana angawauze bwanji amake kuti mwaphika mowa?

Tiyisiti ta m'chigubumo sindinatikwiyire. Sitinalakwe kanthu. Tinatsekeredwa, kunja kukutentha, ndipo tinachita zomwe tikanatha kuti tikhale ndi moyo. Ndinaika dzanja pa chigubu, chinali chofunda. Nanenso mawu anali atandidzaza koma osatuluka.

Pa chakudya chamadzulo ndinatsegula pakamwa, amayi n'kuyamba kusimba nyimbo zomwe adzaimbe ndi alendo, akumwetulira. Ndinameza mawu anga pamodzi ndi ndiwo.

Nditatsuka mbale ndinatsimikiza mtima. Alendo ankafika masana. Mawa m'mawa, ndisanavale yunifolomu, ndidzathira thobwalo m'kapu, ndidzagwada, n'kunena m'Chichewa, osati m'Chishona: "Amayi, lawani. Si inu, ndi kutenthaku." Mphuno zatsekeka, koma lilime lidzamva kuluma kwake. Akakalipa ndidzakhala pomwepo mpaka amalize. Kenako ndidzakoleza moto, tiwiritse madzi a tiyi wa alendo.