Mphika wadothi wa apongozi anga

Ndiyamika Mulungu amene wandisunga mpaka imvi, nandisiyira maso oti ndizionabe maluwa. Ndimuyamikanso chifukwa cha apongozi anga amene anagona kalekale, poti zambiri zimene manja angawa amadziwa anandiphunzitsa ndi iwo.

Tinalowa m'nyumba yathu ya ku Soche nthawi ya Chitaganya, ndisanathe chaka m'banja. Amuna anga ankagwira ntchito kunjanji ku Limbe. Pabwalo pathu panali miyala yokhayokha, choncho maluwa ndinkadzala m'chilichonse chotha kusunga dothi: zitini za palafini, mgolo wodula pakati, ndi bokosi lamatabwa limene mmwenye wina wa sitolo anandipatsa ataona ndikuliyang'anitsitsa. Chilichonse chinali ndi mdani wake. Chitini chimadyeka ndi dzimbiri, ndiye ndinkachiboola pansi ndi msomali, kuchipaka penti, n'kuchikhazika pa njerwa. Bokosi limaopa chiswe. Ndinkalipaka oyilo wakuda wotha ntchito, ndipo Loweruka lililonse ndinkalitukula kuona kunsi. Miphika ya simenti ndinkangoisirira pamakhonde a mabanki ku Blantyre, antchito akuipaka laimu.

Mphika wadothi ndinali nawo umodzi wokha, ndipo sunali wanga. Anauumba ndi apongozi anga. M'menemo munali duwa loyera limene tinkalitcha kakombo, la mizu yonga anyezi. Mbewu yake anachoka nayo kwawo, kutsidya kwa malire m'dziko la Apwitikizi, ataimanga pansonga ya nsalu, ndipo anaikumba pafupi ndi manda a amayi awo. Atakalamba anasamukira kwa mwana wawo wamkazi ku Mpingwe, kumene mbuzi sizinkasiya tsamba, choncho mphikawo anautula pakhonde panga.

"Mundisungire, mpongozi," anatero. "Kwathu konse kunatsala m'menemu. Pa Pasaka tizikalinyamula kupita nalo kutchalitchi."

Mwezi wa Febuluwale inafika nthawi yanga yolandira amayi a mpingo, poti tinkapemphera nyumba ndi nyumba. Ndinazira pansi, ndinachapa makatani, zitini zonse ndinazipaka penti wobiriwira. Pakati pa zonyezimirazo mphika uja unkaoneka ngati wamasiye: ndere m'mbali, mawanga oyera kukamwa. Ndinachita nawo manyazi. Ndinaupaka penti yemweyo kawiri, mpaka kunsi, kabowo kotulukira madzi n'kutsekeka ine osazindikira. Amayi aja anayamikira kwambiri, ndipo ndivomere pamaso pa Ambuye kuti kuyamikirako kunandikomera kuposa mapemphero a tsikulo.

Mvula inagwa masabata atatu osapuma. Masamba a kakombo anayamba chikasu. Ndinaganiza kuti ndi njala, ndinathira manyowa. Kenaka anafooka n'kugona pakamwa pa mphika, ndipo dothi linayamba kununkha ngati dambo.

"Mukawauze ndinu amayi anu," ndinapempha amuna anga.

"Ine? Burashi inali m'manja mwanga?" anaseka, koma ataona nkhope yanga analeka. "Pitani, amayi saluma."

Ndinayenda wapansi mpaka ku Mpingwe, mtima ukunditsutsa njira yonse. M'mawa mwake apongozi anabwera ndi ndodo yawo. Anaima pakhonde nthawi yaitali, akusisita mphikawo ndi chala.

"Mpongozi, mwauveka jekete mphika wanga? Ukupita ku ofesi?"

"Unkaoneka wakuda, amayi."

"Wakuda! Ndere zija mukanangokwecha ndi chitsononkho. Chitini n'chakufa, muzichipaka mmene mufunira. Koma dothi limapuma, mwananga. Madzi akachuluka, mphika umatuluka thukuta ngati inu ndi ine. Inu mwautseka mphuno."

Anayesa kuzula duwalo, koma mphikawo unali wopapatiza kukhosi, ndipo mizu inali itadzaza m'mimba mwake. Akakoka, masamba ankangothothoka.

"Ndipatseni mwala."

"Ayi, amayi, chonde! Ndiupala pentiyo, ndiupala ndi mpeni."

"Pomwe muzimaliza kupala, m'katimu mwatsala phala. Mwala."

Manja awo anali atayamba kale kunjenjemera ndi ukalamba, ndipo tonse tinkadziwa kuti sadzaumbanso wina. Ndinawapatsa mwalawo ndikulira. Anamenya kamodzi kokha, pamalo pamene woumba yekha amadziwa, mphika n'kugawika. Anyezi aja anali ataola, akungophwanyika m'zala. Apongozi anafufuza m'matopemo mwakachetechete, milomo ikuyenda, mpaka anapeza kamodzi kakang'ono ngati dzira la nkhunda, kolimba. Anadula mbali yowola, anapaka phulusa pabalapo, nandiuza kuti ndikaumike pamthunzi masiku atatu. Mapale a mphika uja anati ndisataye, ndiwayale pansi pa chitini kuti madzi azidutsa, kenaka mchenga, kenaka dothi.

"Mundikhululukire, amayi," ndinatero nditagwada.

"Dzukani, mudetsa nsalu. Amene anatiumba ifeyo amatiswa kangati kuti apulumutse zili m'katimu? Tengani madzi ndisambe m'manja."

Pasaka wa chaka chimenecho tinapita kutchalitchi chimanjamanja. Amayi ena atafunsa za duwa lija, apongozi anangoti, "Likupuma chaka chino." Za kulakwa kwanga sanauze munthu aliyense, ngakhale mwana wawo wa ku Mpingwe. Chaka chotsatira kakombo anaphuka duwa limodzi, m'chitini cha palafini. Anakana kuti ndiwanyamulire. Anachisenza okha pamutu kuyambira pakhomo mpaka kuguwa, ine ndikuyenda pambuyo ndi ndodo yawo.

Inu amene mwawerenga izi, Ambuye akudalitseni ndi kukusungani. Chimene mwasungitsidwa chisafere m'manja mwanu, ndipo mukalakwa, akupatseni munthu wokudzutsani pamene mwagwada. Mtendere wake ukhale pamakomo panu, pa ana anu, ndi pa zonse zimene mwadzala. Ameni.